Mkamwini wa Pazenera

Ntchito yanga yoyamba sindinailembere kalata. Inandipeza Lamulungu lina nditangotsika powerenga Mawu a Mulungu m'tchalitchi cha kwathu, cha ku Nsaru. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mayeso a Folomu 4 ndinali nditakhoza mwa apo ndi apo, ndipo ndinkangothandiza malume kusoka fodya uku ndikudikira mwayi umene sunkabwera. Chuma changa chinali mawu. Ndikawerenga ine, ngakhale ogona a kumabenchi akumbuyo ankadzuka.

Tsiku limenelo kunabwera a Mbewe, katekisiti wamkulu wa parishi yathu, bambo wamfupi wa jekete limodzi labulauni, wosaseka wamba. Mapemphero atatha anandikodola panja. "Iwe, mawu uli nawo," anatero. "Mutu tiona. Kodi njinga uli nayo?" Ndinayankha kuti ya malume ilipo. Mafunso a ntchito anathera pomwepo.

Mphunzitsi wa nthambi ina ya parishi, cha ku Kabudula, anali atasamuka, ndipo anasiya kalasi ya akulu ili m'chaka chake chomaliza. Awa ndi anthu amene timawatchula akatekumeni, akuluakulu ofuna kubatizidwa, ndipo kwathu amaphunzira zaka zitatu asanayesedwe. Ndinakhala ku parishi milungu itatu ndikuphunzira kaphunzitsidwe. Pochoka anandipatsa Katekisimu, Baibulo lothothoka chikuto, bokosi la choko, mpukutu wa zithunzi za masakramenti, kaundula wa mayina ndi makadi a ophunzira oti ndizisayina munthu akabwera. Malipiro ake anali oti munthu sungawatchule pagulu, koma ine ndinaona ngati andiveka ufumu. Ana a m'njira atayamba kundiitana kuti aphunzitsi, njinga ya malume ndinkaipalasa chifuwa chili patsogolo.

Ulendo unali wa maola awiri, Lachitatu masana ndi Loweruka m'mawa. Ndikafika pa tchalitchi ndinkaimba belu, limu yagalimoto yopachika pamtengo wa mthethe, ndipo anthu ankabwera kuchokera kuminda manja ali akuda ndi utomoni wa fodya. Analipo khumi ndi asanu ndi mmodzi. Wamng'ono pa onse ankandiposa zaka khumi. Ambiri sankatha kuwerenga, choncho zonse zinkalowa ndi khutu: mapemphero, Malamulo Khumi, masakramenti asanu ndi awiri, ine kufunsa iwo kuyankha.

Awiri mwa iwo ndiwo eni nkhani ino. Woyamba anali a Nankhoma, mayi wokalamba wa lilime lakuthwa, wosasiyana ndi kabotolo ka fodya wamphuno kamene ankamangirira pansonga ya chitenje. Funso likawakanika ankanena kuti lafunsidwa molakwika. Wachiwiri anali a Sandalamu, bambo wamtali wa zaka ngati makumi asanu, woyendetsa ngolo. Tsiku loyamba sindinawaone n'komwe. Nditaitana dzina lawo, mawu akuti "ndilipo" anachokera panja. Ndinasuzumira n'kuwapeza atakhala pa njerwa kunsi kwa zenera, chipewa chili pabondo.

"Bambo, lowani," ndinatero. "Kuno si kokaonera kanema wa ulere."

Anthu sanaseke, ndipo ine ndinaganiza kuti nthabwala yanga yawapitirira. A Sandalamu analowa mowerama n'kukakhala kuseri kwa chipilala, mbali ya abambo.

Ku parishi anatiphunzitsa kuti akulu saphunzira bwino atandandalika ngati ana a Sitandade 1. Azikhala mozungulira, aliyense aziona nkhope ya mnzake, kuti azigawana maganizo momasuka. Nzeru imeneyi ndinaikonda kwambiri chifukwa inali yachilendo ndipo inkandionetsa ngati wophunzira. Loweruka lotsatira ndinalawirira, ndinakoka mabenchi ndekha mpaka thukuta kamukamu, n'kuwaika mozungulira. Malo ndinagawa ndekha potsata kaundula. A Sandalamu anagwera moyang'anizana ndi a Nankhoma, mapazi kutsala pang'ono kugundana.

Kuyambira tsiku limenelo bambo aja anasanduka chitsa. Ankabwera osajomba, khadi lawo linadzaza siginecha yanga, koma maso anali pansi nthawi zonse. Ndikafunsa kuti, "A Sandalamu, masakramenti alipo angati?" ankangopotokola chipewa. Nawonso a Nankhoma anayamba kukhala cham'mbali, atakokera mpango kumaso, ndipo ine ndinati mwina ndi dzino. Ndinayesa kufunsa mofatsa, ndinayesa mokweza, ndinayesa kuwaimiritsa. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kunena pamaso pa onse kuti ng'ombe zawo zikanabwera m'malo mwawo zikanakhala zitaloweza kale. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Kalasi yonse inkadziwa chimene chinkachitika. Palibe anandiuza, chifukwa mphunzitsi sawongoledwa pagulu, ndipo ine sindinafunse chifukwa ndinkaona ngati ndadziwa kale. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lenti itafika pakati, a Mbewe anaitanitsa mndandanda wa oyenera kuyesedwa ndi Bambo Mfumu. Lamulo lake linali loti mphunzitsi alembe okhawo amene akuwaikira umboni. Ndinalemba mayina khumi ndi asanu, ndinatumiza, ndipo Loweruka ndinawawerenga m'kalasi. A Sandalamu anamvetsera mpaka dzina lomaliza, anavala chipewa chawo n'kutuluka mwakachetechete.

Lachitatu ndisanaimbe belu ndinapeza mayi wina akundidikira pansi pa mthethe. Ndinkawadziwa nkhope: ankaimba kwaya, ndipo nthawi yolandira Ukaristia ikafika, pa Lamulungu limene kwabwera wansembe, pomwe nanenso ndinkapezekako, iwo ankatsala pabenchi atagwada. Anati dzina lawo ndi Velonika, mkazi wa a Sandalamu. Anagwada patali pang'ono, monga amachitira amayi polankhula ndi munthu waulemu, ngakhale anali a msinkhu wa mayi anga.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzangofunsa," anatero. "Kodi abambo akunyumba alakwa chiyani?"

Ndinafotokoza mwaukatswiri kuti ubatizo si mphatso yogawa pamsonkhano, munthu ayenera kudziwa chimene akukhulupirira, ndipo amuna awo chaka chonse sanayankhe funso ndi limodzi lomwe.

"Angayankhe bwanji, aphunzitsi, inu mutawakhazika maso ndi maso ndi apongozi awo? A Nankhomatu ndi mayi anga ondibala."

Ine ndine Mchewa, ndinakulira momwemo. Ndinkadziwa bwino kuti mkamwini wa makhalidwe sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sadya pamaso pawo, salankhula mokweza iwo ali pomwepo, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Malume anga enieniwo ankachita zomwezo. Koma m'kaundula a Sandalamu analembetsa mudzi wa kwawo kobadwira, monga amachitira mkamwini aliyense, ndipo a Nankhoma analembetsa mudzi wawo. Papepala anali anthu awiri osadziwana. Mphunzitsi wakale ankadziwa, n'chifukwa chake anawalola kukhala pazenera ndipo ankawafunsa mafunso panjira popita kwawo.

Mayi Velonika sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangondiuza kuti iwo anabatizidwa ali khanda, koma chikwatiwire kunja kwa tchalitchi, zaka makumi awiri ndi ziwiri, sanalandirepo Ukaristia. Amuna awo anakana za mpingo nthawi yaitali. Atalola, anauzidwa kuti njira ilipo yodalitsira ukwati ngakhale mmodzi asanabatizidwe, koma iwo anati safuna kukaima paguwa ngati mlendo, adzaima ali mkhristu. "Ndiye ndadikira zitatu zinazi," anatero mayiwo. "Mukawasiya chaka chino, ndikuwadziwa, manyazi awapha. Sadzabweranso."

Kalasi ya tsiku limenelo ndinaifupikitsa, ndipo ndinapita kwawo. Ndinawapeza a Sandalamu m'chigafa akusoka fodya. Ndinakhala pansi, ndinatenga singano ina n'kuyamba kusoka nawo, poti ntchito imeneyo yokha ndinkaidziwa kuposa uphunzitsi. Ndinapepesa za ng'ombe zija. Iwo anati ng'ombezo sizinamve. Kenako ndinayamba kufunsa, ndipo munthu uja ndinkamuyesa chitsa anayankha zonse, mapemphero, malamulo, masakramenti, osapunthwa. Nditafunsa kuti kulapa n'kutani, sanabwereze za m'buku. Anati ndi monga ngolo ikatitimira m'matope: suyamba kukwapula ng'ombe, umayamba watsitsa katundu. Ndinabwerera kwathu ndikudziwa kuti wophunzira wanga woposa onse ndi amene ndamusiya pamndandanda.

Mayeso anali Loweruka lomwelo. Bambo Mfumu anafika pa njinga yamoto cha m'ma 9 koloko atabereka a Mbewe, onse awiri matope mpaka m'mawondo. Kayesedwe kake kanali kotere: tebulo patsogolo, wansembe pakati, katekisiti wamkulu pambali ndi mndandanda, ophunzira onse m'tchalitchi pamodzi ndi ankhoswe awo a ubatizo. Woitanidwa amapereka khadi, amaimirira, amanena pemphero limodzi ndi kuyankha mafunso atatu mokweza. Mabenchi ndinali nditawabwezera m'mizere. A Sandalamu ndinawapempha kuti abwere, ndipo anakhala pa njerwa yawo ija kunsi kwa zenera.

Ophunzira anga anakhoza bwino, ndipo sindibisa, mtima unkandikoma. A Nankhoma anasokoneza lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu, n'kuwauza Bambo Mfumu kuti onsewo ndi oletsa zoipa basi, ndipo anakhoza. Dzina lakhumi ndi chisanu litatha, a Mbewe anatseka faelo. Ine ndinaimirira.

"Pepani Abambo, latsala dzina limodzi. Silili pamndandanda chifukwa cha kulakwa kwanga."

Ndinafotokoza zonse pamaso pa anthu amene chaka chonse ndinkawaonetsa kuti ndine wodziwa: za zenera, za mabenchi, za ng'ombe. A Mbewe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe unalemba ndi dzanja lako kuti okonzeka ndi awa. Lero ukuti dzanja lako linanama. Tikhulupirire liti?" Ndinati akhulupirire la lero, ndipo ngati munthuyo alephera funso limodzi, andichotse ine ntchito. Bambo Mfumu anati amuyesa. Ndinapempha kuti akayesedwere kuchipinda chovalira, kwa okha.

Apa a Mbewe anakana, ndipo ngakhale ndinawada tsiku limenelo, mfundo yawo inali yoona. Anati tsiku la ubatizo munthu amakana Satana ndi kuvomereza chikhulupiriro mokweza, pamaso pa mpingo wonse, ndipo apongoziwo adzakhala ali pamzere womwewo. "Ngati sangayankhe lero iwo ali pompo, adzayankha bwanji tsikulo? Tidzabatiza munthu kudzera pazenera?" Bambo Mfumu anagwedeza mutu kuvomereza. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti ali ndi nthambi ina yoti akayese masana, choncho atipatsa nthawi yongokwanira kuti iwo amwe tiyi.

Ndinatuluka kukawaona a Sandalamu. Zonse anali atamva. "Aphunzitsi, musadzivute," anatero. "Pakamwapa sipangatseguke. Si mwano ayi. Ndikangoti ndiyambe, lilime limauma." Mayi Velonika anali ataima patali ndi amayi a kwaya, akuyang'ana kumunda ngati nkhaniyo siikuwakhudza.

Poyamba ndinaganiza zopempha a Nankhoma kuti atuluke, koma zimenezo sizikanayankha funso la a Mbewe. Kenako ndinakumbukira za malume. Iwo anasiya kuthawa apongozi awo ine ndili mwana, tsiku limene gogoyo anawatumizira nkhuku kudzera mwa munthu wina, ndi mawu akuti kuyambira lero tizilankhulana. Mwambo womwewo umene umatseka pakamwa uli nayo njira yotsegulira, koma woyamba ndi wamkulu. Mkamwini sangadzimasule yekha.

Ndinalowa, ndinapita mbali ya amayi, ndipo ndinagwada pansi pamaso pa a Nankhoma, buluku langa la pa Pasaka lili m'fumbi.

"Amayi, ndabwera ngati mwana wanu, osati mphunzitsi. Akamwini anu atsala panja. Amene angawalowetse ndinu."

"Ine ndawatsekera?"

"Iyayi. Koma kiyi ali ndi inu."

Anafwenthera fodya wawo mosafulumira. Anati mkamwini ameneyo chibwerere pamudzi pawo sanawalakwirepo, anawamangira nyumba, amawatutira chimanga, ndipo ulemu wakewo unkawakoma. "Palibe anandipemphapo kuti ndiuthetse. Ngakhale mwana wangayo sananene." Anayang'ana kukhomo kumene kunali mayi Velonika. "Ndiye Velonika azingotsalabe pabenchi chifukwa cha ine, eti?"

"Nkhuku ndilibe pano," anatero.

"Chilichonse chochokera m'manja mwanu, amayi."

Anagwira kolona imene inali m'khosi, n'kuisiya. "Iyi ayi, ndaivutikira zaka zitatu." Anamasula nsonga ya chitenje, anatulutsa kabotolo ka fodya kaja, anakayang'ana ngati akutsanzikana ndi mwana, n'kundiika m'manja. "Kawapatseni. Mukawauze kuti ndati alowe, alankhule, ine ndimve nawo. Botololo asabweze, koma fodyayo akandikhuthulire papepala."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunatithandiza tonse. Ndinanyamula kabotolo ndi manja awiri mpaka pazenera, ndinanena mawu aja monga anandituma, osachotsa kapena kuwonjeza. A Sandalamu anakalandira ndi manja awiri, anaomba m'manja katatu chakumene kunali apongozi awo, anakaika m'thumba la malaya n'kuimirira.

Analowa, anapereka khadi, anaima patsogolo. Bambo Mfumu anati anene Atate Athu. Mawu oyamba anatuluka ngati a munthu wodwala, achiwiri anamveka, ndipo pofika pakati bamboyo ankalankhula ndi liwu lomwe amaitanira ng'ombe kudambo. Mafunso atatu anayankha onse. A Mbewe, posafuna kugonja msanga, anawonjeza awiri awoawo, ndipo anayankhanso. Ali mkati moyankha lomaliza, a Nankhoma anatembenukira kwa mayi amene anakhala nawo pafupi n'kunena mokweza kuti, "Kani mawu awo ndi otere." Zaka makumi awiri ndi ziwiri pamudzi umodzi, anali asanawamvepo bwinobwino.

A Mbewe anatsegula faelo, analemba dzina lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi ndi cholembera chawo. Pokwera njinga yamoto anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, Lolemba mubwere ndi kaundula wanu ku parishi." Kanali koyamba kundiitana choncho. Lolembalo anandikalipira ola lathunthu, koma ankandikalipira ndi inu.

Wansembe sangakhale ponseponse pa Pasaka, choncho ubatizo wa kunthambi kwathu unachitika Loweruka la pambuyo pa Pasaka, dzuwa lili pamutu. Anabatizidwa onse khumi ndi asanu ndi mmodzi, ndipo pa Misa yomweyo ukwati wa a Sandalamu unadalitsidwa. Nthawi ya Ukaristia ine ndinaima pambali kulongosola mzere. Mayi Velonika ananyamuka pabenchi paja ankatsalira, anayenda pakati pa amuna awo ndi mayi awo, analandira, anabwerera n'kugwada ataphimba nkhope ndi manja. Nyimbo imene ankayenera kutsogolera anaitsogolera wina. Ine ndinayang'ana kudenga ngati ndikuwerenga malata, chifukwa mphunzitsi salira pamaso pa kalasi yake.

Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri tsopano, ndipo a Mbewe atapuma udindo wawo unagwera ine. Ubatizo sunakhale mathero a kalasi ija. Tinapitiriza kukumana kamodzi pamwezi kuwerenga Mawu ndi kukambirana za moyo wa m'banja, ndipo lero a Sandalamu ndi amene amatsogolera zokambirana za akulu mu mphakati wawo, kagulu ka mabanja oyandikana opemphera pamodzi, ngakhale kuwerenga amawerengeredwa ndi ena. Bamboyo sanazolowere kuwayang'ana apongozi awo m'maso. Mpaka a Nankhoma kumwalira, awiriwo ankacheza atakhala chopingasa, wina kuyang'ana kumunda wina kukhola, koma ankacheza, ndipo m'matenda awo omaliza amene ankawatsogolera kolona anali mkamwini yemweyo. Kabotolo kaja akadali nako, ngakhale fodya safwenthera.

Aphunzitsi atsopano akabwera ku parishi kudzaphunzira, ndimawapatsa zomwe anandipatsa ine: Katekisimu, choko, zithunzi, makadi. Za kukhala mozungulira ndimawaphunzitsanso, poti ndi njira yabwino. Koma m'kaundula aliyense ndimajambula ndi rula mzere wina umene ku sitolo sauika, ndipo pamwamba pake ndimalemba kuti: ndi ndani wa yani. Ndimawauza kuti asatsegule Katekisimu, asasunthe ngakhale benchi limodzi, mzere umenewo usanadzaze. Ena amandifunsa kuti zimenezi zili pa tsamba liti la buku. Ndimawayankha kuti ine ndinaziwerenga nditagwada.